Kabowo ka static pa ndege yodzimangira: kusankha malo ake ndi kutsimikiza kuti akunena zoona

Pa mabowo onse amene munthu amaboola pomanga ndege yake, ka static ndiko kakang'ono kwambiri, koma mageji atatu amadya pamenepo: altimita (geji yosonyeza kutalika kwa pamene ndege ili m'mwamba), geji ya liwiro, ndi geji yosonyeza kukwera kapena kutsika. Ntchito yake ndi imodzi, kulowetsa m'mageji pulesha ya mpweya wa pamalo pamene ndege ili, monga momwe mpweyawo ukanakhalira ndegeyo pakadapanda. Koma ndegeyo ilipo, ikuthamanga, ndipo kwina ikuukankha mpweya, kwina ikuukoka. Mukaima pa mlatho wa Linthipe m'dzinja n'kuyang'ana mwala uli pakati pa mtsinje, muona madzi atatukumuka kumaso kwa mwalawo, atatsika m'mbali mwake, kenako abwerera pa msinkhu wake chakumunsi. Mpweya umachita zomwezo pa thupi la ndege. Tikufuna malo amene wabwerera pa msinkhu wake, ndipo malowo asamasunthe ndege ikadzutsa mphuno kapena ikatsitsa mafulapu, timapiko ta kumbuyo kwa phiko timene amatsitsa potera.

Musanagwire dirilo, dziwani kaye kumene bodza limalowera. Kabowo kakakhala pamalo pamene mpweya ukukoka, mageji amawerenga mopitirira: altimita imati muli m'mwamba kuposa mmene mulili, geji ya liwiro imati mukuthamanga kuposa mmene mukuthamangira. Kakakhala pamene mpweya ukukankha, zonse ziwiri zimawerenga mochepera. Bodza loyambalo ndilo loopsa kwa ife a kuno. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika pa 2,198, ndipo m'mwezi wa June ndi July chifunga chimatha kukuta phirilo mpaka dzuwa litakwera. Altimita yokuwonjezerani mafiti (feet, muyezo wa kutalika) amene mulibe si bwenzi pamalo otere, chimodzimodzi geji ya liwiro yokulimbitsani mtima pamene mapiko atsala pang'ono kuleka kunyamula ndege.

Manambala ake ndi awa. Pa manoti 100 (knots, muyezo wa liwiro la ndege), mphepo yolowa mu chubu cha pitot, kachubu koloza kutsogolo kolowetsa mphepo mu geji ya liwiro, imawonjezera pulesha ya ma hPa (muyezo wa pulesha ya mpweya) pafupifupi 16. Kabowo ka static kakalakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezi, geji ya liwiro imaphonya ndi manoti 5, altimita ndi mafiti pafupifupi 50 pa msinkhu wathu uno.

1. Yambani ndi pulani ya amene anajambula ndegeyo

Ngati mukumanga ndege ya pulani kapena ya zipangizo zobwera m'bokosi, ikani kabowo pamene mwini pulani ananena, ndipo gwiritsani ntchito mtundu wa kabowo umene iye ananena. Zachiwirizi anthu amazipeputsa. Pa ndege za RV za kampani ya Van's, tibowo tili chakumbuyo kwa thupi, mbali zonse ziwiri, ndipo kabowo kalikonse ndi riveti wamba ya pop imene achotsa msomali wake wa pakati. Imaoneka ngati ntchito yachidule, moti omanga ena amagula tibowo tosalala tokongola n'kuika m'malo mwake. Ambiri mwa iwo amapeza kuti mageji ayamba kuphonya, chifukwa kamutu kotukumuka ka riveti ija kanali ndi ntchito: kamasintha pang'ono pulesha ya pakamwa pa kabowo, ndipo malo aja anayesedwa kamutuko kalipo.

Musatengere ndege ina chifukwa ndi yotchuka. Cessna 172 ili ndi kabowo kamodzi kumanzere, kutsogolo kwa chitseko. Piper Cherokee inaphatikiza pitot ndi static pa kachitsulo kamodzi kolendewera pansi pa phiko lakumanzere. Zonsezi zimagwira, koma iliyonse pa thupi lake, ndipo buku la ndege iliyonse lili ndi tebulo la mmene geji yake imaphonyera.

2. Ngati pulani sinanene, kapena mwasintha thupi la ndege

Apa ndi pamene pali ntchito. Tengani choko, muyende mozungulira ndege, muyambe ndi kuchotsa malo osayenera.

Pamphuno ndi pa chivundikiro cha injini ayi: mpweya umakankha kutsogolo, n'kukoka mwamphamvu pamene thupi likutambasuka, komanso pulopela ili pafupi moti mageji azivina ndi mafuta amene mukupatsa injini. Pamwamba pa phiko kapena pambali pa thupi moyang'anizana ndi msana wa phiko ayi, pamenepo mpweya umakoka, ndi umene umanyamula ndege. Pansi pa phiko umakankha. Kutsogolo kwenikweni kwa phiko ndi kwa mchira umakankhanso. Chotsaninso paliponse pamene pali kanthu kotulukira kutsogolo kwake: chogwirira chitseko, chopondera pokwera, mlongoti wa wailesi, chitsulo chochirikiza phiko, mphepete mwa lata imene yasanjikana pa inzake, potulukira utsi ndi mpweya wotentha wa injini.

Chimene chimatsala pa ndege zambiri za injini imodzi ndi m'nthiti mwa thupi chakumbuyo, chapakati pa mathero a phiko ndi chiyambi cha mchira. Pamenepo sankhani msinkhu wa pakati, osati chakumsana kapena chakumimba, chifukwa ndege ikadzutsa mphuno mpweya umazungulira thupi kuchokera pansi, ndipo m'makona ndimo umasinthasintha kwambiri. Pali chifukwa china cha kwathu kuno chopewera chakumimba: mabwalo a udzu ndi dothi. Kuyambira December mpaka March matayala amamwaza matope chakumbuyo, ndipo kabowo ka milimita imodzi sikachedwa kutsekeka.

Lata ya pamalopo ikhale yathyathyathya ndiponso yolimba. Ikanikeni ndi chala. Ikabonyoka n'kubwerera ndi phokoso, idzachitanso chomwecho m'mwamba ndipo singano ya geji yokwera idzanjenjemera. Sunthirani pafupi ndi nthiti ya m'kati, koma osati pamzere wa mariveti. Ndege yokutidwa ndi nsalu imafuna kachitsulo kopyapyala komatidwa m'kati ndi kumangiriridwa ku chimango, apo ayi nsalu izipuma ndipo kabowo kazipuma nayo.

Tibowo tikhale tiwiri, kumanja ndi kumanzere, pamalo ofanana ndendende. Ndege ikamayenda chammbali, monga potera mphepo ikuwomba chopingasa, mbali imodzi imakankhidwa, inayo imakokedwa, ndipo tibowo tiwiri tolumikizana timathetsana. Yezani kuchokera pa chinthu chimodzi cha pakati pa ndege, osati kuchokera ku zitseko, chifukwa zitseko za ndege yomanga pamanja sizikhala mapasa.

Ine ndimalangiza kuti musakhulupirire malo amodzi. Lembani malo atatu pamzere umodzi wopingasa, motalikirana ndi masentimita 15 kapena 20, ndipo paipi ya m'kati muisiye yotalikirako kuti ifike paliponse mwa atatuwo. Kutseka kabowo kolakwika ndi riveti n'kosavuta ndege isanapakidwe penti.

Ngati m'nthiti simungatheke, njira ina ndi chubu chotulukira kutsogolo kwa phiko, kunja kwa mphepo ya pulopela, chotseka kumapeto, chokhala ndi tibowo m'mbali mwake mozungulira. Chitalike ndithu, chifukwa pafupi ndi phiko mpweya umakhala utayamba kale kupatuka. Kuipa kwake n'kwakuti anthu amachigunda pokankha ndege, ndipo chikapindika pang'ono bodza layamba.

Kusiya mageji akupuma mpweya wa m'kati mwa ndege, monga ena amachitira pa tindege topepuka, sindikuvomereza. M'kati pulesha imakhala yotsika kuposa kunja nthawi zambiri, ndipo imasintha mukangotsegula kazenera. Chabwino ndi kuika kavalavu pansi pa mageji kotsegula pokhapokha tibowo takunja titatsekeka muli m'mwamba.

3. Kuboola ndi kulumikiza

Kabowo kakhale ka milimita 1 mpaka 1.5, koboola chilili, osapendeka. Chotsani timinga ta chitsulo mosamala, koma musakuze pakamwa pake ngati mmene timachitira pofuna kumiza mutu wa sikuluwu. Pakamwa popendeka kapena kamunga kotsalira mbali imodzi zimasintha zimene kabowo kakumva. Popaka penti tsekerani ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndipo penti ikauma onani kuti sinasiye mlomo mozungulira.

M'kati, paipi ichoke pa kabowo n'kukwera kaye m'mwamba masentimita angapo isanakumane ndi inzake, kuti madzi a mvula kapena otsukira abwerere okha. Mapaipi awiriwo akhale ofanana kutalika, akumane pa cholumikizira cha T pamwamba chapakati, kenako imodzi ipite kutsogolo. Isakhale ndi chigwa chosunga madzi. Ngati sizitheka, pamalo otsikitsitsapo ikani kabotolo kotsegula. Paipi ya nailoni ya mabuleki a mphepo a malole imagwira bwino ndipo imapezeka m'mashopu a masipeyala, koma chenjerani: yambiri ndi ya mamilimita 6, pamene zolumikizira za mageji a ndege n'za kota ya inchi, imene ndi 6.35. Imalowa bwinobwino n'kumataya mpweya mwakachetechete.

4. Yesani pansi musanaimbe mlandu malo a kabowo

Zinthu zitatu zingapangitse geji kunama: geji yeniyeniyo, kutayikira kwa mpweya m'mapaipi, ndi malo a kabowo. Ziwiri zoyambazo zimapezeka ndege ili pansi, ndipo mukapanda kuzichotsa mudzaboola thupi lonse la ndege kufunafuna vuto limene lili kuseri kwa mageji.

Geji ya liwiro iyeseni ndi madzi. Gulani ku hadiweya paipi yoonekera m'kati imene amisiri omanga nyumba amatengera levulo, muipinde ngati U pa thabwa, muthiremo madzi, mbali imodzi muilumikize ku chubu cha pitot. Kwezani mbali inayo pang'onopang'ono. Madzi a mbali ziwirizo akasiyana ndi mamilimita 60, geji isonyeze manoti 60; akasiyana ndi mamilimita 165, isonyeze manoti 100. Lembani zimene yasonyeza pa malo asanu kapena asanu ndi limodzi. Madzi asalowe m'paipi ya ndege.

Kutayikira kumayesedwa ndi sirinji yaikulu ya ku famase. Matani kabowo kamodzi, pa kenako mulumikize sirinji, muyamwe mpweya pang'onopang'ono mpaka altimita itakwera ndi mafiti 1,000, kenako mutsine paipi n'kuyang'ana wotchi. Muyezo wa ku America wa ndege zopanda pulesha m'kati ndi wakuti isatsike kuposa mafiti 100 pa mphindi imodzi. Koma tamverani ichi, achimwene: mukamayamwa mbali ya static, geji ya liwiro imakwera nayo, ndipo pa mafiti 1,000 kuno ku Dedza imakhala ikufuna kusonyeza manoti pafupifupi 140. Ngati geji yanu imathera pa 100 kapena 120, muiwononga. Lumikizani pitot ku sirinji yomweyo kuti mbali zonse ziyamwidwe pamodzi, kapena ichotseni geji ya liwiro n'kutseka paipi yake. Pobwezera mpweya chitaninso pang'onopang'ono, ndipo musapemerere ndi pakamwa kapena ndi pampu mageji ali olumikiza. Mukatha, tepi imene munamata ichoke nthawi yomweyo.

5. Kuyesa m'mwamba

Ndege ikhale itaonedwa kale ndi akuluakulu a boma oyang'anira za ndege, italembetsedwa pa nambala zathu za 7Q, ndipo maulendo ake oyamba atachitika. Sankhani m'mawa kusanatenthe, mphepo ili zii. Pitani kumene kuli chidikha, kutali ndi phiri ndi zitunda za Kirk Range kumene mpweya umakwera ndi kutsika, komanso kumbukirani kuti malire a Mozambique ali pamsewu wa M1 pomwepa. Mukalowera chaku Lilongwe, lankhulani ndi owongolera ndege.

Pali msampha umodzi umene umagwira omanga a kumtunda kuno kuposa a kunyanja, ndipo ndikhalapo pang'ono. Munthu amauluka, aona geji ikuti 80, GPS ikuti 92, n'kunena kuti geji ikuchepetsa. Amatera, amasema kabowo, amamata timawashala, mpaka geji ndi GPS zigwirizane. Pamenepo ndiye wawononga geji imene inali bwino. Geji ya liwiro imayeza kukankha kwa mpweya, osati mtunda umene mwayenda, ndipo mpweya wa m'mwamba muno ndi wopyapyala. Kuti ukankhe mofanana ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndege iyenera kuthamanga kwambiri. Choncho geji yolungama iyenera kusonyeza nambala yotsika kuposa liwiro lenileni. Mapiko nawonso amamva kukankha komweko, n'chifukwa chake nambala imene imakuuzani kuti stall, nthawi imene mapiko amaleka kunyamula ndege, yayandikira ndi ya pa geji, osati ya pa GPS. Geji "yokonzedwa" ija idzakuuzani 50 muli pa 43.

Kayesedwe koyenera n'kotere. Ikani altimita pa pulesha ya ma hPa 1013, mukwere pa msinkhu umodzi, tinene mafiti 7,500, mulembe kutentha kwa kunja. Gwirani liwiro limodzi pa geji, msinkhu osasintha, kampira ka geji yokhota kali pakati. Ulukani mbali zitatu zosiyana ndi madigiri 120, mbali iliyonse mphindi imodzi kapena kuposerapo mpaka nambala ya GPS itakhazikika. Mphepo ikakhala yochepa, kuphatikiza manambala atatuwo n'kugawa ndi 3 kumapereka liwiro lenileni mosaphonya kwambiri. Tinene mwapeza 84, 95 ndi 97: ndiye kuti 92. Tsopano mulibweze liwirolo ku chilankhulo cha geji. Pa mafiti 7,500 kunja kuli madigiri 15, mumachulukitsa ndi 0.87, ndipo 92 imasanduka 80. Chowerengera cha oyendetsa ndege cha E6B, chapamanja kapena cha pa foni, chimakuchitirani masamuwa pa msinkhu ndi kutentha kulikonse.

Geji ikanena 80, kabowo kali pabwino pa liwiro limeneli. Ikanena 86, ndipo poyesa ndi madzi paja inali yolungama, ndiye kuti kabowo kali pokoka, ndipo altimita nayonso ikukuwonjezerani mafiti pafupifupi 60. Chubu cha pitot sichilakwitsa kawirikawiri bola chikhale kunja kwa mphepo ya pulopela ndipo chiloze kutsogolo. Chimayamba kuphonya ndege ikadzutsa mphuno kwambiri pafupi ndi stall.

Bwerezani pa maliwiro anayi kapena asanu, kuyambira liwiro la paulendo kutsika mpaka lotera nalo, kenako mubwerezenso otsikawo mafulapu ali pansi. Malo ambiri amanena zoona pa liwiro limodzi n'kunama pa ena, ndipo kwa ine kulungama pa liwiro lotera n'kofunika kuposa kulungama paulendo. Malamulo akale a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, a ndege zing'onozing'ono za m'fakitale ndi muyezo wabwino wodziikira: geji ya liwiro isaphonye kuposa 3 peresenti kapena manoti 5, kutengera chimene chili chachikulu, ndipo altimita isaphonye kuposa mafiti 30 pa manoti 100 alionse.

Mukadali m'mwamba, yesani ziwiri zachidule. Pondani chopondera cha kumanja cha chiwongolero cha kumchira, mapiko ali chilinganire, kenako cha kumanzere: geji ya liwiro isinthe pang'ono ndiponso mofanana mbali zonse. Ikalumpha mbali imodzi yokha, tibowo sitili pofanana kapena kamodzi katsekeka. Kenako onjezani ndi kuchepetsa mafuta mofulumira. Altimita ikadumpha ndege isanayambe kukwera, kabowo kakumva pulopela.

Manambala alembedwe ndi chojambulira mawu kapena kamera yoloza mageji. Maso a woyendetsa akhale kunja.

6. Kukonza

Kuphonya kukakhala kwakukulu, kapena kukusintha mbali pakati pa liwiro lotsika ndi lokwera, samutsani kabowo kupita pa malo achiwiri mwa atatu aja, mbali zonse ziwiri, muyesenso. Kukakhala kochepa ndiponso kolowera mbali imodzi, kampanda kakang'ono kamatha nkhani. Dulani washala yopyapyala pakati, mumate theka lake pafupi ndi kabowo. Mukaimata kumbuyo kwa kabowo, mpweya umaunjikana, pulesha imakwera, mageji amatsika. Iyi ndi ya geji yowerenga mopitirira. Mukaimata kutsogolo, kabowo kamakhala pamthunzi pake pokoka, mageji amakwera. Yambani ndi yosapitirira theka la milimita, mugwirize ndi tepi ya aluminiyamu, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Guluu wokhalitsa abwere manambala atakukhutiritsani. Kuphonya kumene kwatsala kulembedwe pa kakhadi, kamatidwe pafupi ndi geji.

Ndegeyo mukadzaipaka penti, kusintha chivundikiro cha injini, kuika zokutira matayala kapena mlongoti watsopano kutsogolo kwa kabowo, ulendo wa mbali zitatu uja uchitikenso.

7. Ndege ikaima

Mavu omanga ndi dothi amakonda tibowo totere, ndipo fumbi la September ndi October limalowa paliponse. Vundikirani, koma chovundikiracho chikhale ndi nsalu yofiira yaitali yolendewera, yooneka muli patali. Pa 2 October 1996, ndege ya Aeroperú ya mtundu wa Boeing 757 inanyamuka usiku ku Lima tibowo ta static tili tomatidwa ndi tepi imene otsuka ndege anaiwala kuchotsa. Mageji anasokonekera, ndegeyo inagwera m'nyanja ya Pacific, ndipo anthu onse 70 anamwalira. Tepi yosaoneka bwino isamatidwe pa ndege yanu ngakhale kwa ola limodzi.

Musanakwere, gwadani muyang'ane kabowo kalikonse ndi maso, musangodutsa n'kukhudza. Mukaona dothi, musalikankhire m'kati ndi waya. Masulani paipi kuseri, mutulutse dothilo kuchokera m'kati kupita kunja, mulumikize, ndipo muyesenso ndi sirinji musanauluke.